Kukonza gule wa ceilidh pa ukwati ku Scotland

Mwana wanu kapena mphwanu akapeza banja kuno ku Scotland, a mbali inayo adzafuna kuti madzulo a ukwati kukhale ceilidh, gule amene amamutchula kuti keili. Amavina aliyense, agogo ndi tiana tomwe, bandi ikuyimba pomwepo ndi vayolini, akodiyoni ndi ng'oma, nthawi zina piyano kapena gitala. Ndakhalapo m'makomiti a maukwati otere kuno ku Glasgow, ndipo langizo langa loyamba silisintha: posankha bandi, yang'anani kwambiri munthu wolondolera magule, kukoma kwa nyimbo kubwere pambuyo.

Wolondolerayo eni ake amati caller. Gule aliyense asanayambe, iye amatenga maiki, kuyika anthu m'mizere kapena m'magulu, kuwayendetsa pang'onopang'ono popanda nyimbo, kenako nyimbo ikayamba n'kumakuwa chochita nthawi yake isanafike. Theka la alendo anu ndi Amalawi amene sanavinepo zoterezi. Wolondolera wothamanga pakamwa, wongolankhula ndi anzake odziwa kale, adzachititsa kuti anthu athu akhale pansi n'kumangojambula ndi mafoni, holo n'kugawika pawiri. Wabwino amatsika pa nsanja, kugwira mkono wa azakhali n'kuwaonetsa potembenukira. Choncho musadalire kanema wa pa YouTube. Pitani mukaone bandiyo ikuyimba pa ceilidh ya aliyense, muvine nawo, mumve ngati mawu a wolondolerayo akukufikani. Mufunsenso ngati amene mwamuonayo ndi yemwe adzabwere pa tsikulo, chifukwa mabandi ena ali ndi oyimba ambiri amene amasinthana.

Lankhulani nawo msanga. Masiku a Loweruka kuyambira Meyi mpaka Seputembala amatha kudzaza kudakali chaka. Mabandi amatanganidwanso pa 30 Novembala, tsiku la St Andrew, pa 31 Disembala usiku wa Hogmanay, ndi kumapeto kwa Januwale pokumbukira mlakatuli Robert Burns amene anabadwa pa 25 Januwale 1759. Mtengo, dipoziti, maola oyimba ndi nthawi yopuma zilembedwe.

Za holo ndi zochepa koma musazidumphe. Pansi pakhale pa matabwa, osati kapeti, matebulo akankhidwire kukhoma. Maholo ena ali ndi makina odula magetsi phokoso likapyola muyeso, ndiye funsiranitu n'kuwuza bandi. Ambiri amafunanso kuona inshuwalansi ya bandi ndi chikalata choti zipangizo zawo zamagetsi zinayesedwa. Oyimba apatsidwe pafupifupi ola lolumikiza zida, chakudya chawo, ndipo madzi akumwa akhale ambiri pambali pa bwalo, poti gule ameneyu thukuta lake si lamasewera.

Tsopano magule enieniwo. Pemphani kuti ayambe ndi Gay Gordons. Ndi wa awiriawiri mozungulira holo: kuyenda kutsogolo kanayi, kutembenuka n'kuyenda chobwerera m'mbuyo kanayi, kubwerezanso kulowera kumene munachokera, kenako mayi kuzungulira pansi pa mkono wa bambo, n'kumaliza mogwirana. Munthu akalakwitsa sasokoneza wina aliyense, n'chifukwa chake manyazi amathera pamenepa.

Wachiwiri akhale Dashing White Sergeant, ndipo uyu ndiye ndimamukonda pa ukwati wa mitundu iwiri. Anthu atatu amayang'anizana ndi atatu ena, onse 6 n'kugwirana manja kuzungulira. Wapakati amavina ndi wa kumanja kwake, kenako wa kumanzere, ndipo pomaliza atatuwo amadutsa anzawo aja kukakumana ndi atatu atsopano. Nyimbo isanathe, malume ochokera ku Ntcheu agwirana manja ndi mlamu wawo aliyense wa ku Fife, dera la kuno ku Scotland. Uzani achinyamata anu kuti asapange magulu a Amalawi okhaokha. Gulu lililonse likhale ndi mmodzi wodziwa, ndipo ameneyo ayime pakati.

Pakati pa magule othamanga payikidwe wodekha ngati St Bernard's Waltz kuti akuluakulu alowe. Eightsome Reel musiyeni. Ndi wautali, wa anthu 8 odziwa bwino chochita, ndipo kwa alendo oyamba kumene amangokhala chipwirikiti. Strip the Willow abwere chakumapeto. Abambo mzere wawo, amayi mzere wawo, ndipo awiri a kumutu amatsika akuzungulirana ndi aliyense, mkono wamanja kwa mnzako, wamanzere kwa enawo. Apa pamavulala anthu. Mukolane zigongono, musafinye mkono wa mnzanu ndi chala chachikulu, ndipo anyamata amphamvu achenjezedwe kuti asaponye amayi a eni. Nsapato zazitali zivulidwe, chitenje chimangidwe molimba, duku likhale ndi mapini.

Nkhani imene imavuta m'makomiti ndi perekaniperekani. Ife sitingauchite ukwati popanda iye, koma bandi mwailipira maola owerengeka, nthawi zambiri kuyambira cha m'ma 8 koloko mpaka pakati pa usiku, ndipo perekaniperekani wathu sadziwa wotchi. Muyikeni bandi isanayambe, chakudya chikangotha. Ngati wotsala alipo, alowe pa nthawi imene oyimba akupuma, MC atauzidwa mphindi zake. Ndalama zamapepala za kuno ndi za pulasitiki ndipo zimaterera pa matabwa, ndiye atoli asese zonse gule asanayambirenso. Yaing'ono imene anthu ambiri amayenda nayo ndi ya mapaundi 5, kotero pakhale malichero oponyamo makobili m'malo mogenda nawo akwati. A mbali inayo muwafotokozere mwambowu pa khadi yowayitanira, chifukwa ambiri kuno sayendanso ndi ndalama m'thumba, ndipo zimawapweteka mtima kuyima chimanjamanja anzawo akufupa.

Mabandi ambiri amalola kuti zokuzira mawu zawo zigwire ntchito pa nyimbo za DJ. Gwirizanani zimenezi kusadafike tsikulo, nyimbo zakwathu zikhale zokonzeratu. Anthu amene aphunzitsidwa Gay Gordons ali ndi ufulu wobwezera pophunzitsa alamu awo manganje, ndipo ine ndimaona kuti ola limodzi la zakwathu lisachepe.

Potseka, aliyense amalowa mu bwalo lalikulu, akwati pakati, kuyimba Auld Lang Syne. Manja amangogwirana kaye, kupingasa mikono kumabwera pa ndime yomaliza, kenako onse amathamangira pakati n'kubwerera. Ana ang'ono anyamulidwe nthawi imeneyi. Muuze bandi kuti nyimboyi iyambe kutatsala mphindi 15 kuti holo itsekedwe, chifukwa eni holo kuno ikakwana nthawi amayatsa magetsi onse, ndipo oyimba amafunikabe nthawi yolongedza zida zawo.