Kasamalidwe ka cholembera cha inki chosemedwa pa mtengo

Cholembera chothira inki (fountain pen) chosemedwa pa mtengo chili ndi mbali ziwiri zimene zofuna zake sizigwirizana. Nibu, yomwe ndi nsonga ya chitsulo yolembera, ndi kanjira kodutsa inki zimafuna kutsukidwa ndi madzi kawirikawiri kuti zisatsekeke, pamene thupi la mtengo limadana ndi madzi, ndipo dzuwa nalonso silili bwenzi lake. Ine ndinazindikira zimenezi mochedwa, nditaviika cholembera changa choyamba chathunthu m'kapu ya madzi usiku wonse poganiza kuti ndikuchichitira zabwino. Kutacha mtengo unali utafufuma, ndipo utaumanso patapita masiku angapo, chivindikiro chinang'aluka kuyambira kukamwa mpaka pakati.

Chisamaliro chimayambira pa tsiku logula. Amene anaonapo ziboliboli za amisiri a ku Kabwata Cultural Village amaudziwa mlombwa, umene kuno ku Lusaka ambiri amautcha mukwa, ndipo mtengo umenewu ndi wabwino pa zolembera chifukwa ukauma bwino supindika wamba. Phingo ndi wakuda, wolemera ndi wolimba kwambiri, choncho cholembera chake chimamveka m'dzanja. Komabe cholembera sichili ngati chiboliboli. Mmisiri amaboola kachidutswa ka mtengo, nthawi zambiri n'kulowetsamo kapaipi ka chitsulo, kenaka amakapala pa makina ozungulira mpaka mtengowo utatsala wopyapyala ngati khungwa. Chifukwa cha kupyapyalako, mtengo umene sunaume mokwanira umang'aluka msanga ukakumana ndi chilimwe chathu. Mufunseni wogulitsayo mafunso awiri: ngati mtengowo unauma usanapalidwe, ndiponso chimene anapaka pamwamba pake, kaya ndi vanishi wolimba kapena mafuta ndi phula chabe, pakuti kasamalidwe ka ziwirizi n'kosiyana. Akakuuzani kuti ndi mukula, funsaninso kumene unachokera, chifukwa mtengo umenewu wadulidwa mowononga m'dziko muno, ndipo mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa CITES wa mitengo imene malonda ake a pakati pa mayiko amayang'aniridwa.

Nibu siipangidwa ndi wosemayo. Amisiri ambiri amagula manibu okonzeka kale kwa makampani a ku Germany monga JoWo ya ku Berlin kapena Bock ya ku Heidelberg, ndipo ambiri mwa manibuwo amakhala a saizi 5 kapena 6. Ndi bwino kuidziwa saizi ya nibu yanu, chifukwa ikawonongeka mungathe kugula ina popanda kutaya cholembera chonse. Nibu yolembera zilembo zaluso ilibe kampira kunsonga monga nibu wamba, koma imathera mwafulati ngati tchizulo, ndipo m'lifupi mwake mumakhala mamilimita 1.1, 1.5 kapena 1.9. Kwa munthu woyamba kumene ndimakonda kulangiza 1.1, popeza imalemba ndi kalata yomwe, pamene 1.9 imayenera pa mayina a pa makadi a ukwati ndi pa masatifiketi.

Pogwira cholembera, ikani mlomo wonse wa nibu pa pepala, wopendekeka madigiri 45 kuchokera pa mzere ngati mukulemba zilembo zopendekeka zotchedwa italic, ndipo musauzunguze pamene dzanja likuyenda. Kunenepa ndi kuonda kwa mizere kumachokera ku mbali imene nibu ikulowera, osati ku mphamvu ya dzanja. Apa ndi pamene amene tinakulira pa bolopeni timalakwitsa, chifukwa tinazolowera kudinikiza mpaka zilembo kuonekera kuseri kwa pepala. Nibu inang'ambidwa pakati kukhala timano tiwiri, ndipo inki imatsika mu mng'alu umenewo yokha ikakhudza pepala. Mukadinikiza, timanoto timatakasuka, inki imaduka, ndipo nibu imayamba kukanda. Wina akakupemphani kuti asainire chikalata ndi cholembera chanu, ndi bwino kumupatsa china mwaulemu.

Inki ikhale yokhayo yopangidwira zolembera za mtundu umenewu, monga Parker Quink kapena Pelikan 4001. Inki yakuda yojambulira imene imatchedwa India ink ili ndi zomata zimene zikaumira m'kanjira ka inki sizichoka ndi madzi, ndipo inki ya chidindo kapena ya printa isayandikire n'komwe. Nibu yotakata imamwa inki yambiri kuposa yopyapyala, choncho musadabwe ikamatha msanga. Ngati pogwirira zala palinso pa mtengo, musamize nibu m'botolo podzaza, chifukwa mtengo umayamwa inki ndipo banga lake silichoka. M'malo mwake zulani kapampu koyamwira inki, kamene ogulitsa amakatcha converter, mukadzaze pakokha kenaka mukabwezeretse, kapena mugwiritse ntchito makatiriji, timachubu timene timabwera todzazidwa kale inki.

Tsopano tifike pa kutsuka. Cholembera chimene chikugwira ntchito tsiku ndi tsiku chitsukidwe pakatha milungu itatu kapena inayi, komanso nthawi iliyonse imene mukusintha mtundu wa inki. Choyamba masulani thupi ndi chivindikiro, ndipo muziike patali ndi beseni, pa nsalu youma, musanatsegule n'komwe mpopi. Mukatsala ndi nibu, pogwirira ndi kapampu, yamwani madzi ozizira ndi kuwatulutsa mobwerezabwereza mpaka atayamba kutuluka oyera. Inki ikakhala kuti inaumiramo, donthezani kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale m'kapu, muviike nibuyo maola angapo, kenaka muitsukuluze bwinobwino ndi madzi opanda sopo. Ngati pogwirira ndi pa mtengo, potokolani nibu pamodzi ndi kachimake kake n'kuviika zokhazo. Madzi otentha amapinditsa tizigawo ta pulasitiki, ndipo sipiriti ndi Jik zimadya vanishi, choncho zonsezi zipeweni.

Pali nkhani ina yokhudza madzi imene ife a ku Lusaka tiyenera kuiganizira. Mzinda uno unakhala pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zambiri amasiya zoyera zija zimene timaziona zitamatirira m'ketulo. Zoyera zomwezo zikhoza kutsalira m'timipata ta kanjira ka inki, timene ndi topyapyala ngati tsitsi. Potsukuluza komaliza gwiritsani ntchito madzi oyeretsedwa otchedwa distilled water ogula ku famase, kapena madzi amene mwawiritsa n'kuwasiya kuti azizire ndi kudikha. Mukamaliza, imikani nibu, nsonga yake itayang'ana pansi, pa kansalu kofewa m'kapu yopanda kanthu, igone momwemo mpaka kutacha, chifukwa mukathira inki mukadali madzi, zilembo zoyamba zimatuluka zotuwa ndipo zimamwazika pa pepala.

Mtengo sufuna zambiri. Upukuteni ndi nsalu yofewa youma mukatha kulemba, kuti thukuta la m'manja lisakhalitsepo. Ngati unapakidwa vanishi wolimba, kupukutako n'kokwanira. Ngati unapakidwa mafuta ndi phula, tengani phula la njuchi lochepa ngati njere ya mapira, mulipake ndi chala, mudikire mphindi zochepa, kenaka mupukute mpaka kuterera kutatha. Ine ndimatero kawiri pa chaka, mu Meyi pamene mvula yatha ndi mu Okutobala isanayambenso, popeza nthawi zimenezi ndi pamene mtengo umasinthira pakati pa chinyezi ndi kuuma. Mafuta ophikira musapake, chifukwa amavunda, amanata ndipo amakoka fumbi. Inki ikadonthera pa mtengo, ipukuteni nthawi yomweyo ndi nsalu yonyowa pang'ono chabe, kenaka ndi youma.

Kutentha kumavulaza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Cholembera chosiyidwa m'galimoto yoimikidwa mu Cairo Road masana a mu Okutobala chimauma mofulumira mpaka mtengo kung'aluka, ndipo mpweya wa m'kapampu umafutukuka n'kukankhira inki m'chivindikiro, kotero kuti mukachitsegula zala zonse zimada. Zofananazo zimachitika m'ndege chifukwa cha kusintha kwa mphamvu ya mpweya, choncho ponyamuka pa Kenneth Kaunda International Airport, cholembera chikhale chodzaza kwambiri kapena chopanda inki, ndipo nibu iyang'ane kumwamba. M'miyezi ya mphepo ndi fumbi, makamaka Ogasiti ndi Sepitembala, vindikirani ngakhale mutangoima pang'ono kuti muganize. Potseka musamange mwamphamvu, ndiponso musazolowere kuveka chivindikiro kumbuyo kwa cholembera polemba, chifukwa kukamwa kwa chivindikiro ndi kumene mtengo uli wopyapyala kwambiri.

Ngati simudzachigwiritsa ntchito kwa mwezi kapena kupitirira, tulutsani inki yonse, muchitsuke, muchiumitse, ndipo muchigoneke m'kathumba ka nsalu m'dilowa, kutali ndi zenera. Mukaona kamng'alu kakuyamba, lekani kuchigwiritsa ntchito ndipo musathamangire kuthirapo guluu, chifukwa guluuyo akalowa m'mazinga otsekera, chivindikiro sichidzamasukanso. Kulungani mbali yong'alukayo payokha m'nsalu, muibwezere kwa mmisiri amene anaipanga, ndipo nibu muisunge kunyumba itatsukidwa.