Lekani kudyera pachiwongolero, abale athu a ku America

Chiyambireni kuzizira kuno, abale athu ambiri ogwira ntchito ku America, makamaka osamalira okalamba amene akuphatikiza mashifiti awiri, asiyiratu kukhala pansi pakudya. Kadzutsa ndi khofi wothira shuga wambiri pachiwongolero, nkhomaliro ndi baga yogula pawindo osatsika n'komwe m'galimoto, kenako kutolatola tchipisi ndi mabisiketi mpaka usiku. Mukamufunsa munthu wotere kuti wadya kangati lero, amayankha kuti sanadye. Sakunama ayi, mbale sanaionedi, koma kukamwa sikunapume chichokereni m'mawa.

Tiyerekeze ndi anthu a ku France, amene nawonso ndi opeza bwino ngati a ku America. Amadya batala, tchizi ndi buledi woyera tsiku ndi tsiku, ndipo McDonald's amaikonda ndithu. Komatu mu 2020 akuluakulu onenepa mopyola muyezo kumeneko anali 17 pa 100 alionse, pomwe ku America ndi anayi mwa khumi alionse. Zifukwa zilipo zingapo, koma chomwe ine ndachigwiritsa ndi nthawi. Bungwe la OECD, lomwe limafufuza za chuma ndi umoyo wa anthu m'mayiko otukuka, linapeza kuti Mfalansa amatha maola oposa awiri patsiku akudya ndi kumwa, wa ku America ola limodzi basi. Ikamakwana 1 koloko masana, pafupifupi theka la anthu ku France amakhala ali patebulo. Lamulo lawo la zantchito limaletsa kudyera m'chipinda chogwirira ntchito. Mwana amapatsidwa kachakudya kamodzi akaweruka kusukulu cha m'ma 4 koloko, akatero adikire mgonero.

Wodya mothamanga amadya zambiri chifukwa thupi limachedwa kudziwa kuti lakhuta. M'kafukufuku amene anatuluka mu 2003, katswiri wa ku America Paul Rozin ndi anzake anayeza chakudya cha m'malesitanti a ku Paris ku France ndi ku Philadelphia ku America, napeza kuti cha ku Philadelphia chinkachuluka ndi 25 peresenti. Ku McDonald's komweko, a ku Paris ankakhala mphindi 22 akudya, a ku Philadelphia mphindi 14. Chakudya chambiri, nthawi yochepa. Ndiye muikepo chikapu cha zoziziritsa kukhosi chija. Chitini chimodzi cha Coca-Cola cha 355 ml chili ndi magalamu 39 a shuga, pafupifupi timasipuni khumi, pamene bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 50 patsiku. Chikapu chachikulu cha pawindo chimaposa chitini, ndipo mukadyera mkati amakulolani kudzazanso mwaulere. Ku France kudzazanso kotereku anakuletsa mu 2017, ndipo makina ogulitsa zakumwa ndi maswiti anawachotsa m'masukulu kuyambira mu 2005.

Mapeto ake ndi matenda a shuga ndi BP, m'dziko lomwe chipatala chake n'chodula koopsa. Ndalama ya shifiti yachiwiri ija, yomwe mumati mutumize kumudzi ya feteleza ndi fizi ya ana, imakathera kwa dokotala ndi kogula mankhwala.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti tikukakamirabe maganizo akale. Munthu akafufuma timamuyamikira kuti zikumuyendera. Tinakula tikuuzidwa kuti chakudya sichisiyidwa m'mbale, ndipo zinali zoona kwa munthu wochokera kolima amene ankadya kawiri patsiku. Inu mwakhala m'galimoto ndi panjinga simukwera, koma mukufuna kupukuta mbale ya ku America yokwana anthu awiri. Mlendo akabwera, ulemu ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, ana nawo n'kumamwa zomwezo mpaka pogona. Kodi madzi anatilakwira chiyani?

Mlimi wina wa chimanga ndi soya ku Indiana anandiuza kuti nthawi yokolola, mu Okutobala, ankadyera m'makina okololera osazimitsa injini, chikapu cha zakumwa chili pambali tsiku lonse. Atamupeza ndi shuga, mkazi wake anayamba kumubweretsera chakudya chophika kumunda n'kumuumiriza kuti atsike. Ankakhala kumbuyo kwa pikiapu, mbale ili pamaondo, kudya mpaka kumaliza. “Chimanga ndinakololabe chonse chisanu chisanagwe,” anatero. Ngati wothamangitsana ndi nyengo anakwanitsa kuimitsa makina, inu mungalephere kuzimitsa galimoto?

Zochita zake mukuzidziwa kale. Idyani katatu pa nthawi zodziwika, ngakhale muli pa shifiti ya usiku, ndipo pakati pake madzi okha. Phikani ndiwo zambiri tsiku lomwe mwapuma, muzitenga m'kontena. Yambani ndi zamasamba. Ku lesitanti gawani chakudya pawiri musanayambe, chinacho chikhale mkute. Foni ikani pansi, ana akhale nanu patebulo, ndipo musadzuke mphindi 20 zisanathe. Amene wadutsa zaka 35 akayezetse shuga ndi BP mwezi uno.