Kuwerenga nyumba zogulitsa kuti mudziwe mmene msika ulili m'dera lanu

Ku Lilongwe kulibe kaundula mmodzi wosonyeza nyumba zonse zimene zikugulitsidwa. Wofuna kugula kapena kugulitsa ayenera kudziwerengera yekha, ndipo chofunika si mtengo umene mwini akutchula, koma kuchuluka kwa nyumba zodikira wogula poyerekeza ndi zimene zikutuluka.

Yambani ndi dera limodzi komanso mtundu umodzi wa nyumba. Mukasakaniza Area 43 ndi Area 25 simupeza yankho, chifukwa ogula ake ndi osiyana. Patulaninso nyumba zokhala ndi title deed ndi zomangidwa pa malo ogula kwa amfumu, zomalizidwa ndi zoimira pa linta. Mwachitsanzo, tengani za zipinda zogona zitatu, za mu mpanda, ku Area 49 kokha.

Tsiku loyamba la mwezi uliwonse lembani mu kope kapena mu Excel nyumba iliyonse imene mwaiona pa Facebook, m'magulu a WhatsApp, m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani za m'misewu. Lembani sekita kapena nambala ya puloti, tsiku limene mwaiona koyamba, mtengo, ndi chozindikiritsa monga mtundu wa geti kapena denga.

Chozindikiritsacho n'chofunika kwambiri. Nyumba imodzi imatha kulengezedwa ndi maejenti anayi, aliyense ndi mtengo wake chifukwa wawonjezerapo kangachepe, ndipo zithunzi zimajambulidwa mbali zosiyana. Mukapanda kuyerekeza mageti ndi mawindo, muwerenga nyumba 40 pamene zilipo 15, n'kuganiza kuti msika wadzaza.

Vuto lina n'lakuti nyumba ikasowa pa intaneti sindiye kuti yagulidwa. Mwina mwini wagwa mphwayi n'kulowetsamo wa lendi, kapena abale akukanganirana chuma cha masiye. Imbani foni mufunse. Ikani m'gulu la zogulidwa zokhazo zimene ndalama zaperekedwadi.

Mukasonkhanitsa kwa miyezi itatu, gawani nyumba zotsala ndi nyumba zogulidwa pa mwezi. Tinene kuti zatsala 36, ndipo pa miyezi itatu zagulidwa 12, kutanthauza 4 pa mwezi. 36 kugawa ndi 4 ndi 9: pangatenge miyezi 9 kuti zonse zithe ngati sipabwera zina. Ku America ambiri amatenga miyezi 6 ngati pakati, pamene wogula ndi wogulitsa mphamvu zawo zikufanana. Nambalayi musaikakamire kuno, kumene ambiri amagula ndi ndalama za m'thumba poopa chiwongoladzanja cha kubanki, ndipo kusintha umwini ku Lands (ofesi ya boma yoona za malo) kumatenga nthawi. Yang'anani kumene nambala yanu ikulowera. Ikachoka pa 9 kupita pa 12, wogula akhoza kunenerera mtengo molimba mtima. Ikatsikira pa 6, nyumba yabwino siidikira munthu.

Onaninso masiku amene nyumba yakhala ikulengezedwa, ndi zingati zatsitsidwa mtengo. Zizindikirozi zimaoneka msanga malonda asanayambe kuchepa.

Mtengo wa mu kwacha wokha umanamiza. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni nyumba ambiri anakweza mitengo potsatira simenti ndi malata, osati chifukwa ogula anachuluka. Nyumba yokwera mtengo koma yokhala chaka osagulidwa ikukuuzani kuti msika wazizira. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba pambali mtengo wa thumba la simenti mwezi umenewo.

Nyengo nayonso imasokoneza. Mu Januwale anthu ali pa fizi ndi feteleza, misewu ya fumbi ili matope, ndiye oona nyumba amachepa. Misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo ndalama zimayamba kuyenda. Choncho yerekezani Januwale wa chaka chino ndi Januwale wa chaka chatha, osati ndi Julaye. Ndipo ngati m'dera lanu mumagulidwa nyumba imodzi kapena ziwiri pa mwezi, gwiritsani ntchito malonda a miyezi 6 m'malo mwa itatu powerengera, chifukwa malonda amodzi okha akhoza kupotoza nambala yonse.