Kuphunzitsa kompyuta kulosera kutentha m'mapaipi a fakitale

Inu oyang'anira maboyila ndi ma heat exchanger (zipangizo zosamutsa kutentha pakati pa madzi otentha ndi ozizira) ku Makata, Chirimba ndi Ginnery Corner mu Blantyre, neural network (netiweki ya pakompyuta yophunzira kuchokera ku manambala) ingakuthandizeni kulosera kutentha komwe kudutse kuchoka m'madzi otentha kulowa m'ozizira. Koma imadziwa zokhazo zomwe mwaidyetsa, ndiye ntchito yaikulu ili pa kuyeza.

Mangani ma thermocouple (masensa oyeza kutentha) anayi a mtundu wa K, polowera ndi potulukira mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo mita yoyeza kuchuluka kwa madzi odutsa. Makina akangoyaka musalembe, dikirani manambala akhazikike. Mzere uliwonse wa manambala omwe mwalemba uyesedwe kaye: makilogalamu a madzi pa sekondi, kuchulukitsa ndi 4.18, kuchulukitsanso ndi kusiyana kwa madigiri a polowera ndi potulukira, mupeza ma kilowatt. Zomwe mbali yotentha yataya zikasiyana ndi zomwe yozizira yalandira kuposa 10 peresenti, kutentha kukuthawira penapake kapena sensa yasokonekera. Tayani mzerewo.

Sonkhanitsani mizere mazana angapo, ya nthawi ya Chiperoni mu Juni ndi Julayi komanso ya m'chilimwe cha Okutobala. Manambala onse achepetsedwe kukhala pakati pa 0 ndi 1, apo ayi nambala yaikulu ngati Reynolds (yosonyeza kayendedwe ka madzi m'paipi) wa 40,000 imameza yaing'ono ngati Prandtl (yosonyeza momwe kutentha kumafalikira m'madzi) wa 5. Gawani 70 peresenti yophunzitsira, 15 yowunikira, 15 yoyesera pomaliza.

Yambani pang'ono. MLPRegressor, netiweki yopezeka mu pulogalamu ya scikit-learn, yokhala ndi hidden layer (gawo la pakati) imodzi ya ma neuron (tizigawo towerengera) 10, imayenda bwino pa laputopu wamba. Mukachulutsa ma neuron pomwe deta ndi yochepa, netiweki imaloweza mayankho ngati mwana wokonzekera mayeso ndi mapepala akale: zomwe inaziona imakhoza, zatsopano imagwa. Zolakwa za gulu lowunikira zikayamba kukwera, imitsani kuphunzitsa pomwepo.

Yerekezani zotsatira ndi fomula ya Dittus-Boelter ya 1930, yowerengera kadutsidwe ka kutentha m'mapaipi, yogwira Reynolds akaposa 10,000. Iyo imatha kuphonya mpaka 25 peresenti, ndipo netiweki yosaiposa ndi yongotayitsa nthawi.

Ambiri amaiwala litsiro lokanirira m'kati mwa mapaipi, lomwe limatchinga kutentha pang'onopang'ono. Onjezani masiku omwe apita chitsukireni mapaipi ngati nambala yolowetsa. Netiwekiyo musaifunsenso za madigiri 90 ngati inaphunzira mpaka 70. Iyankha ndithu, koma zabodza. Samalaninso ndi deta ya kunja: Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo madzi a m'thanki yosatseka amawira pa madigiri 96 kapena 97, osati 100.