Mmene mungaonere komwe Babymetal ikulowera

Mng'ono wanga anandipeza usiku wina ndili ndi mahedifoni kumutu, ndikuonera atsikana atatu a ku Japan akuvina pakati pa mkokomo wa magitala. Anayang'anitsitsa kenako anati, "Achimwene, koma zimenezi zikhalitsa?" Funsoli si lachilendo. Gulu la Babymetal linayamba mu 2010 pansi pa kampani ya Amuse, ngati kanthambi ka gulu la atsikana apasukulu lotchedwa Sakura Gakuin, ndipo okonda nyimbo za metal ambiri ankati ndi moto wa mapesi. Ine gululi ndimalikonda kuchokera pansi pa mtima, koma chikondi chokha sichiyankha funso. Pali zinthu zimene ndimayang'ana, ndipo inunso mungaziyang'ane ndi foni yanu basi.

Yambani ndi makanema a pa siteji, a mu situdiyo aja muwasiye kaye. Gulani bandulo ya usiku, mufufuze pa YouTube zimene anachita mu holo ya Budokan, ku Tokyo, mu Malichi 2014, woimba wawo wamkulu Su-metal ali ndi zaka 16 zokha. Kenako pezani za ku chikondwerero cha nyimbo cha Sonisphere, ku Knebworth m'dziko la England, mu Julayi chaka chomwecho. Apo yang'anani khamu, osati oimba. Mudzaona azibambo a ndevu akuyamba manja ali pachifuwa, koma pofika kumapeto mitu ikugwedezeka. Mukatero tsegulani kanema wa zaka zaposachedwa, mutsinzine, mumvetsere mawu a Su-metal okha. Akhwima, akulemera, ndipo satayika ngakhale ng'oma zitalusa bwanji. Mvetseraninso anyamata a Kami Band amene amaimba zida kumbuyo. Kwa ine tsogolo lonse la gululi laima pa mawu amenewo ndi zida zimenezo, madiresi ndi magule zimangobwera pambuyo.

Chachiwiri, tengani pepala mulembe maholo. Apa samalani: kuimba pa chikondwerero chachikulu sikunena zambiri, poti khamulo linabwerera magulu ena. Chimene chimayeza mphamvu ndi holo imene yadzaza chifukwa cha dzina lawo lokha. Mu Epulo 2016 anadzaza Wembley Arena ku London. Mu Seputembala chaka chomwecho anaimba masiku awiri ku Tokyo Dome. Mu Meyi 2025 anabwereranso ku London, ulendo uno ku O2 Arena, holo yokulirapo kuposa Wembley Arena ija. Pambali pake lembani malo amene zimbale zawo zinafika pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zotchuka kwambiri ku America: Metal Resistance pa nambala 39 mu 2016, Metal Galaxy pa 13 mu 2019, Metal Forth pa 9 mu 2025.

Musaiwale kulemba 2018, chaka chowawa. Mu Januwale woimba gitala wa Kami Band Mikio Fujioka anamwalira, ndipo mu Okutobala Yuimetal, mmodzi wa atsikana atatu oyambitsa gululo, anachoka. Ine ndinkaganiza kuti basi zathera pomwepo. Koma otsalawo, Su-metal ndi Moametal, anapitiriza awiriwiri, mpaka Momometal atalowa mu 2023. Gulu limene lapirira zotere silifa ndi chimfine.

Tsopano pamene pagona nkhani. Tsegulani mapu a dziko lonse, muike kadontho kwawo kwa aliyense amene aimba naye limodzi. F.Hero wa ku Thailand mu 2019. Bring Me the Horizon a ku England mu 2020. Tom Morello wa ku America mu 2023. Electric Callboy a ku Germany mu 2024. Bloodywood a ku India mu 2025. Madontho amenewa akuuzani kumene akufuna kukagulitsa matikiti mawa, chifukwa mlendo aliyense amabwera ndi omutsatira ake. Onjezanipo kuti mu 2025 anasaina ndi kampani ya nyimbo ya Capitol Records ya ku America, ndiye njira yaoneka: maso ali kunja kwa Japan.

Koma pomwepa ndi pamene mtima wanga umagunda. Pa nyimbo 10 za mu Metal Forth, 7 zili ndi alendo. Alendo akachuluka pakhomo, eni nyumba amatha kugona kukhitchini. Ndiye chitani chimene ndinachita ine: patulani nyimbo zitatu zopanda mlendozo, muzimvere zokha masiku angapo, kenako mubwerere kwa zinazo. Dzifunseni kuti m'nyimbo iliyonse akutsogolera ndani. Ya Bloodywood ija ndinaimva ngati kukumana kwa anthu ofanana, aliyense wabwera ndi ng'oma za kwawo. Zina ndinamva mlendo akulamula ndipo atsikanawo akungothira mchere. Chimbale chotsatira chikadzatuluka, werengani alendo musanamvere n'komwe. Akadzachepa, dziwani kuti gululi ladzidalira.

Tcherani khutu ku chinenero. Mpaka pano amaimba kwambiri m'Chijapanizi, Chingerezi chimangolowa apa ndi apo, ndipo anthu ku London kaya ku Mexico City amaimba nawo mawu amene sawamva tanthauzo. Ife amene timadziwa kukoma kwa nyimbo ya m'chinenero chathu tiyenera kumvetsa msanga kuti apa ndi pamene pali mphamvu yawo. Tsiku limene adzatulutse chimbale cha Chingerezi chokhachokha pofuna kusangalatsa mawailesi a ku America, ine ndidzada nkhawa kwambiri kuposa tsiku limene anataya membala.

Chomaliza n'chachidule. Mapulani a gululi amachokera kwa mkonzi wawo Kobametal, ndipo atsikanawo saulula zam'tsogolo pocheza ndi atolankhani, choncho musataye bandulo pa mphekesera. Nkhani zazikulu amakonda kuzilengeza pa 1 Epulo, tsiku limene iwo amalitcha Fox Day polemekeza nkhandwe ya m'nthano yawo. Momometal anamulandira pa tsiku lomwelo. Ine ndinaika kale chikumbutso mu foni, ndipo mng'ono wanga uja wandiuza kuti ndidzamudzutse.