Kubayitsa kagalu katemera ndalama zikakhala zochepa

Ambirife timakumbuka za katemera kagalu katayamba kale kusanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi. Nthawi zambiri ameneyo amakhala parvo, ndipo katemera sachiza galu amene wadwala kale. Ngati m'thumba simuli bwino, chitani zochepa izi.

Choyamba, kagalu kakakwanitsa masabata 6 mpaka 8, pitani nako kwa a vetenale. Akamwetse mankhwala a njoka za m'mimba, kenako akabaye katemera wophatikiza woteteza ku parvo, distemper (nthenda ya agalu ya chifuwa, manthongo ndi kugwidwa khunyu) ndi nthenda ya chiwindi. Kagalu kofooka kapena kotentha thupi kayambe kachira.

Chachiwiri, bwererani pakatha masabata 3 kapena 4, ndipo jakisoni womaliza akhale pa masabata 16 kapena kupitirira pang'ono. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Kagalu kamayamwa chitetezo mu mkaka woyamba wa make, ndipo chitetezo chomwecho chimatha kufooketsa katemera wobayidwa msanga. Mwa tiagalu tina chimatha pa masabata 8, mwa tina chimapitirira masabata 12, ndipo ndi maso simungasiyanitse. N'chifukwa chake ine ndimati, ngati mwakakamizika kudumpha, dumphani wapakati, osati womaliza. Kufikira tsikulo, kasamayende m'misewu kapena kununkhiza ndowe za agalu ena. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri.

Chachitatu ndi katemera wa chiwewe, pa miyezi itatu. Uyu ndiye musanyinyirike naye, chifukwa akuteteza ana anu omwe. Chiwewe chikaonetsa zizindikiro, kwa galu kapena kwa munthu, mapeto ake ndi imfa. Ku Blantyre a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akubaya agalu kwaulere kuyambira 2015, ndipo ku Lilongwe kuli a bungwe losamalira nyama la LSPCA. Kumudzi funsani mlangizi wa ziweto. Kampeni ikabwera chaka chilichonse, mupite naye galuyo.

Chachinayi, wophatikiza uja abayidwenso pakati pa miyezi 6 ndi chaka chimodzi. Kuchokera apo, kamodzi pa zaka 3 n'kokwanira.

Galu wamkulu amene simukudziwa mbiri yake? Mubayitseni wophatikiza ndi wa chiwewe nthawi yomweyo.

Katemera amasungidwa m'firiji, choncho wa munthu woyenda naye m'chikwama dzuwa likuswa mtengo musamukhulupirire. Khadi la katemera lisungeni pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Galu wanu akadzaluma munthu, ndi limene adzayambe kukufunsani.