Kuyambitsa ana ndakatulo osawatopetsa

Aphunzitsi anzanga, tsiku loyamba musayambe ndi kulemba matanthauzo pa bolodi ayi, ana amangokopera basi mutu uli kwina. Sankhani ndakatulo yaifupi, ndime ziwiri zakwana, muilakatule mokweza kawiri mabuku ali chitsekere, kenako afunseni kuti ndi mzere uti wawatsalira m'mutu.

Mukatero pitani ku zining'a zomwe amayankhula kale okha. Nenani kuti "mnzanga wanditsina khutu" nkufunsa ngati khutu langa latupa, aseka ndithu, ndiye apo afotokoze okha kuti tanthauzo lake ndi kuuzidwa nkhani mwachinsinsi. Zifanifani nazonso chimodzimodzi, lembani "mwanayu amathamanga ngati mphepo" kenako fufutani pasale "mwanayu ndi mphepo", muwasiye akangane kuti chasintha nchani, ine ndimaona kuti mkangano umenewu umaphunzitsa kuposa manotsi. Mayina a zipangizozi muwauze pambuyo.

Tsopano alembe. Aliyense asankhe chinthu m'kalasimo, choko kaya zenera, alembe mizere inayi ngati chinthucho chikuyankhula, mwina choko chikudandaula kuti chikutha tsiku ndi tsiku. Masipelo muwakonze mawa, lero angowerengerana awiriawiri.